Kuyeza mphamvu za matani mazanamazana: mmene mungachepetsere zolakwika pa calibration ya ma load cell akuluakulu

Load cell ndi chida chachitsulo choyezera mphamvu yokankha kapena yokoka. Ya 50 kN (kilonewton) mukhoza kuiika pa makina mwachangu n'kukupatsanibe manambala abwino. Ya 3 MN kapena 5 MN (meganewton; 1 MN ndi 1,000 kN) siikhululuka. Meganewton imodzi ndi kulemera kwa matani pafupifupi 102, ndipo mphamvu ikafika pamenepo chitsulo chilichonse chimene chili m'njira yake chimapindika pang'ono: puleti yapansi, chitsulo chokhala pamutu pa load cell, ngakhalenso mizati ya makinawo. Kupindikako kumasintha mmene mphamvu ikulowera m'thupi la load cell, ndiye nambala ya pa indicator, chipangizo choonetsa muyeso, imasuntha pamene mphamvu yeniyeniyo siinasinthe n'komwe. Wofuna muyeso wolondola aike mtima pa njira imene mphamvu ikudutsa, pa nthawi, ndi pa kutentha. Za indicator yodula zimabwera pambuyo pa zimenezi.

Mphamvu yoyerekezera ikuchokera kuti?

Calibration ndi kuyerekeza chida chanu ndi mphamvu yodziwika bwino kuposa chidacho. Yodziwika bwino koposa imachokera ku makina a deadweight, amene amalenjeka zitsulo zoyezedwa kulemera kwake pa load cell mwachindunji, popanda jeke pakati. Makina aakulu kwambiri a mtundu umenewu ali ku NIST, labotale ya boma la America yoona za miyeso, mumzinda wa Gaithersburg ku Maryland. Anamangidwa mu 1965 ndipo amafika pa 4.45 MN, akukwera masitepe 20 a 222 kN iliyonse. Ku PTB, labotale yotereyi ya mumzinda wa Braunschweig ku Germany, a deadweight amalekera pa 2 MN, ndipo ku NPL, ya ku Teddington ku England, amalekera pa 1.2 MN.

Kupitirira pamenepo mphamvu imachita kuchulukitsidwa. Ena amagwiritsa ntchito lever. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a hayidiroliki, pisitoni yaing'ono yonyamula zitsulo zodziwika ikulumikizidwa ndi pisitoni yaikulu, monga makina a 16.5 MN a ku PTB. Ena amasanja ma load cell angapo kuti anyamulire limodzi. Njira iliyonse yochulukitsira imawonjezera chikayiko pa muyeso, kutanthauza mlingo umene muyeso ungaphonye nawo. Makina abwino a deadweight amakhala pa 0.002% kapena kucheperapo, a hayidiroliki abwino kwambiri pa 0.01%, pamene makina oyerekeza ndi ma load cell ena kawirikawiri amayambira pa 0.05% kupita m'mwamba.

Musanatumize chida chanu kulabotale iliyonse, funsani kuti adzachiika pa makina a mtundu wanji komanso chikayiko cha makinawo ndi chotani pa mphamvu imene mukufunayo. ISO 376, malamulo oyendetsera ntchitoyi, amagawa zida m'makalasi (00 ndiyo yolondola koposa) ndipo amafuna kuti chikayiko cha mphamvu yoyerekezera chisapose 0.01% pa kalasi 00, 0.02% pa kalasi 0.5, 0.05% pa kalasi 1 ndi 0.10% pa kalasi 2. Load cell yabwino bwanji siingatuluke ndi kalasi 0.5 kuchokera pa makina a 0.05%.

Paliponse pamene pakulowa zitsulo zolemera, mphamvu yake imawerengedwa motere: F = m × g × (1 − ρa/ρm). Apa F ndi mphamvuyo, m ndi makilogalamu a chitsulocho, g ndi mphamvu yokoka ya dziko pamalo enieniwo, ρa ndi kulemera kwa mpweya pa cubic metre, ρm ndi kwa chitsulocho. Mpweya wa 1.2 kg/m³ umapepukitsa chitsulo cha 8,000 kg/m³ ndi 0.015%, zomwe pa 4 MN ndi 600 N. Koma g ndiye amapweteka anthu ambiri. Amasintha kuchokera pa 9.780 m/s² ku equator kufika pa 9.832 m/s² ku North Pole ndi South Pole, komanso amatsika munthu akamakwera phiri. Ku Lilongwe ali pafupi ndi 9.78, pamene nambala ya m'mabuku ndi 9.80665. Kusiyanako ndi pafupifupi 0.27%. Load cell yoyesedwa mu kN ku Germany idzawerenga kN molondola ku Lilongwe, palibe vuto. Vuto limabwera indicator ikasinthidwa kuti izionetsa matani pogwiritsa ntchito g wa m'buku, kapena wina akayesa chida ndi miyala ya sikelo osakonza g wa pamalopo. Ntchito yonse ichitikire mu kN, matani muwerengere pomaliza.

Zitsulo zolowetsera mphamvu

Apa ndi pamene pamabisala zolakwika zambiri. Load cell siimva mphamvu yokha, imamva mmene thupi lake lapindikira pamalo pomwe anamata ma strain gauge, tizipangizo tamagetsi tomva kupindikako. Mukasintha chitsulo chapamutu, kapena kuikhazika pa puleti yofewa, kapena yopyapyala, mphamvu imafalikira mwanjira ina ndipo ma gauge amaona zina. Ma load cell aafupi, otakata, ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi, chifukwa mphamvu siipeza mtunda wokwanira woti ifalikire mofanana isanafike pa ma gauge. Aatali amapirira bwino.

Choncho zitsulo zolowetsera mphamvu ndi mbali ya chidacho. Zipite nacho kulabotale, zilembedwe pa satifiketi, zigwiritsidwe ntchito zomwezo kumalo a ntchito. Dindani chizindikiro pa chilichonse chosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba ndi mbali yoyang'ana kumene kumatulukira waya, kuti zizisonkhanitsidwa mofanana nthawi zonse. Zikhale za chitsulo cholimbitsidwa, pakati pa 400 ndi 650 HV pa muyeso wa Vickers wa kulimba kwa chitsulo. Mphamvu yofika pa puleti ya makina isapose 100 N pa mm² iliyonse; pa 5 MN ndiye kuti pakufunika malo okhudzana a 50,000 mm², omwe ndi bwalo lotakata pafupifupi 250 mm. Ngati tsinde la load cell ndi laling'ono kuposa apo, ikani puleti yolimba, yokhuthala, pakati. Mukapanda kutero load cell imadinda dzenje pa puleti ya makina, ndipo chida chilichonse chobwera pambuyo pake chidzakhala padzenjepo.

Mukafuna kudziwa kuti load cell yanu imakhudzidwa bwanji ndi pokhalira pake, ISO 376 ili ndi mayeso ake. Mumaikankha katatu: pa puleti yosalala, pa puleti yotukuka pakati, ndi pa puleti yolowa pakati, kutukuka kapena kulowako kukhale gawo limodzi mwa 1,000 a radius. Manambala akasiyana kwambiri, chidacho musachikhulupirire pa makina amene mapuleti ake simukuwadziwa bwino.

Musanaike chilichonse, pukutani malo onse okhudzana. Kachidutswa ka konkire kapena kaphulusa ka chitsulo pansi pa tsinde n'kokwanira kupendeketsa chida. Yendetsani rula yachitsulo yowongoka pa puleti ndi feeler gauge, timapeni topyapyala toyezera mpata, kuti muone ngati pali potukuka kapena polowa. Yang'ananinso ngati zitsulo zayamba kudyana, makamaka pomwe chitsulo chosachita dzimbiri chikukhudzana ndi chinzake, chifukwa chimenechi chimamatirirana n'kung'ambana mphamvu ikachuluka. Makina a ku NIST aja anaphwasulidwa kuyambira mu 2014 mpaka kubwerera pantchito mu 2016 chifukwa cha vuto lomweli pa malo olumikizirana zitsulo zake zolemera.

Pa nkhani yolunjikitsa, anthu ambiri amaopa kupendekeka kuposa kuphonya pakati, koma choopsa kwambiri ndi chachiwirichi. Kupendekeka kwa digiri imodzi kumachepetsa mphamvu yolunjika ndi 0.015% yokha, madigiri awiri ndi 0.06%. Kuphonya pakati ndi 1 mm pa 5 MN kumabala mphamvu yopinda ya 5,000 N·m, yofanana ndi theka la tani lolenjekedwa kunsonga kwa chitsulo chotalika mita imodzi. Ma gauge amalumikizidwa moti athetse kupinda kotere, koma samathetsa konse. Gwiritsani ntchito mphete yolunjikitsira kapena pini ya pakati. Kulunjikitsa ndi diso kapena ndi mizere yozungulira yojambulidwa pa puleti sikukwanira pa mphamvu zotere. Ikani dial gauge, kachida koyezera kusuntha kochepa, mbali ziwiri za puleti yapamwamba ndipo muone ngati ikutsika mofanana mphamvu ikamakwera. Makina ena amakhala owongoka pa ziro koma amapendekeka akanyamula, chifukwa mzati umodzi umatambasuka kuposa unzake.

Kumakina okoka, mazinga a bawuti alowe kuya komwe analowa pa calibration, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale ndi nati yozungulira yokhala m'chikho chake kuti chida chidziwongole chokha. Pakani girisi wochepa kwambiri pamalo ozungulirawo, wa mtundu womwewo nthawi zonse.

Kutentha ndi magetsi

Chitsulo chikatentha chimafewa pang'ono. Pa chida chachitsulo chosakonzedwa kuti chizidziteteza ku kutentha, monga proving ring (mphete yachitsulo yoyezera mphamvu), muyeso umasintha ndi 0.027% pa digiri iliyonse. Madigiri anayi okha akupatsani 0.1%. Ma load cell amakono ali ndi ma resistor okonza zimenezi, koma amagwira bwino pokhapokha thupi lonse lili pa kutentha kumodzi. Load cell ya 5 MN ndi chitsulo cholemera makilogalamu makumi angapo, ndipo pakati pake sipazizira msanga. Ikachokera m'galimoto yomwe inali padzuwa, igone m'chipinda choyeseramo usiku wonse pamodzi ndi zitsulo zake ndi indicator. ISO 376 imafuna chipinda cha pakati pa 18 °C ndi 28 °C, chosasintha kuposa digiri imodzi ntchito ili mkati. Matani thermometer pathupi la load cell penipeni. Pa makina a hayidiroliki mafuta amatentha ntchito ikamapitirira, kutenthako n'kukwera kudzera m'pisitoni ndi puleti kulowa kutsinde kwa chida, pamene thermometer ya pakhoma ikuonetsa kuti zonse zili bwino.

Yatsani indicator, load cell italumikizidwa kale, kwa mphindi zosachepera 30 musanayambe. Magetsi otuluka mu load cell ndi ochepa zedi: ya 2 mV/V yopatsidwa 10 V imatulutsa 20 mV yokha pa mphamvu yonse, ndiye microvolt imodzi ndi 0.005%. Polumikizira waya pamene pakumana zitsulo ziwiri zosiyana pakhoza kubala ma microvolt angapo mbali imodzi ikafunda. N'chifukwa chake malabotale akuluakulu amagwiritsa ntchito ma amplifier a carrier frequency ya 225 Hz, monga DMP41 ya HBM, amene samva magetsi obadwa ndi kutenthawa.

Waya akhale wa nthambo zisanu ndi imodzi, ziwiri mwa izo zoyeza magetsi ofika penipeni pa bridge, mlumikizano wa ma gauge mu load cell. Ndi waya wa nthambo zinayi, 1 Ω ya waya pa bridge ya 350 Ω imadya pafupifupi 0.29% ya muyeso, ndipo kuchuluka kwa ma ohm a mkuwa kumasinthanso ndi kutentha. Waya wotere musamudule kapena kumuwonjezera calibration itachitika. Ngati n'kotheka load cell, waya ndi indicator ziyesedwe limodzi ngati chida chimodzi. Mukakakamizika kusintha indicator, zonse ziwiri ziyesedwe ndi bridge standard (chida chotulutsa ma mV/V odziwika) yomweyo pa ma mV/V omwe mumagwiritsa ntchito. Kumene magetsi amathimathima kapena kuchokera ku jenereta, ikani UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi. Magetsi akathima pakati pa mndandanda wa masitepe a mphamvu, dikirani zonse zikhazikike ndi kuyambiranso mndandandawo pa ziro.

Ndondomeko yokwezera mphamvu

Yambani ndi kukankha chida mpaka pa mphamvu yake yonse katatu, ulendo uliwonse kwa masekondi 60 mpaka 90. Izi zimakhazika zitsulo m'malo mwake ndi kufufuta zotsalira za ntchito yapitayo. Kenako sankhani mphamvu zosachepera zisanu ndi zitatu zotalikirana mofanana; ambiri amatenga khumi, kuyambira 10% mpaka 100%.

Mindandanda iwiri yoyamba ndi yokwera yokha, chida chisanasunthidwe. Mukatero tembenuzani load cell ndi madigiri 120 pamodzi ndi zitsulo zake, ikankheni kamodzi mpaka pamwamba, ndipo chitani mndandanda wokwera ndi wotsika. Tembenuzaninso kufika pa madigiri 240 ndi kubwereza. Pakati pa mindandanda siyani mphindi zosachepera zitatu, ndipo lembani ziro mndandanda usanayambe komanso utatha. Kamodzi pa ntchito yonse chidacho chimasulidwe monga mmene chimakhalira ponyamulidwa, kenako chisonkhanitsidwenso. Kutembenuza kuja musakunyalanyaze ngakhale chida chikhale cholemera chofuna kreni: ndi njira yokhayo yoonetsera zimene makina opendekeka akuchita pa load cell.

Wotchi ikhale m'manja. Chitsulo ndi guluu wa ma gauge zimapitiriza kusuntha pang'onopang'ono mphamvu itakhazikika kale, komanso chitsulo chikapanikizidwa mwadzidzidzi chimafunda pang'ono ndipo chimafuna nthawi kuti chibwerere. Musawerenge pasanathe masekondi 30 kuchokera pomwe mwayamba kusintha mphamvu, ndipo nthawi yomwe mwasankha ikhale yomweyo pa sitepe iliyonse. Kudikira masekondi 30 apa ndi mphindi zitatu apo kumalowetsa zolakwika zomwe pambuyo pake zimaoneka ngati vuto la chida. Kukula kwa kusunthaku kumayezedwa powerenga pa masekondi 30 ndi pa masekondi 300 mutaika kapena kuchotsa mphamvu yonse.

Pokwera, fikani pa sitepe iliyonse kuchokera pansi. Mukapitirira musabwerere m'mbuyo kuti mukonze, chifukwa load cell siiwerenga mofanana pokwera ndi potsika. Lembani nambala yomwe mwafikayo ngati ndondomeko yanu ikulola, apo ayi yambiraninso. Pa makina a jeke amene mphamvu imatsika yokha mafuta akamadontha, manambala a chida choyerekezera ndi a chida choyesedwa atengedwe nthawi imodzi ndi kompyuta. Anthu awiri ofuulirana manambala sangafanane sekondi, ndipo pa mphamvu yoyenda sekondi imodzi ndi ma kN angapo.

Kusanja ma load cell atatu

Mukafuna kuyesa chida cha 15 MN muli ndi ma load cell a 5 MN, mumasanja atatu pakati pa mapuleti awiri, ngati mafuwa pansi pa mphika: atatu amakhudza onse ngakhale pansi pasakhale posalala kwenikweni, pamene anayi mmodzi akhoza kunyamula zochepa. Umu ndi mmene NIST imafikira pa 53 MN, posanja ma load cell oyesedwa kale m'makina ake aakulu okankhira.

Atatuwo akhale a mtundu umodzi, otalika mofanana, pa bwalo limodzi, motalikirana madigiri 120. Aliyense awerengedwe payekha, panthawi imodzi. Musawalumikize pamodzi kuti atuluke nambala imodzi, chifukwa mudzalephera kuona mmene agawanirana katundu. Mmodzi akhoza kupitirira malire ake pamene chiwerengero chonse chikuoneka chabwino. Kusiyana kwa magawo awo kukapitirira maperesenti ochepa, imani, tsitsani, lunjikitsaninso.

Vuto lalikulu ndi puleti yapamwamba. Mphamvu imalowa pakati pake n'kutulukira m'mbali, ndiye imapindika ndi kukankhira mitu ya ma load cell chammbali, zomwe sizinalipo pamene aliyense ankayesedwa yekha. Puleti ikhale yokhuthala kwambiri, ndipo mutu uliwonse ukhale ndi pokhalira pozungulira polola kupendekeka pang'ono. Musaganize kuti kuphatikiza masatifiketi atatu kwakupatsani satifiketi ya gulu lonse. Ikani gulu lonselo, litasanjidwa, pa makina odalirika mpaka pomwe makinawo amalekera, yerekezani ndi chiwerengero cha atatuwo, ndipo kusiyanako kulowe m'chikayiko. Palinso msampha wa masamu. Zolakwika zobwera mwangozi zimachepa ndi √3 mukaphatikiza atatu, koma chikayiko cha makina omwe anayesa onse atatuwo sichichepa, chifukwa onse analandira cholakwika chimodzimodzi.

Kuwerenga zotsatira

Manambala a pa satifiketi amanena komwe kuli vuto. Kusiyana kwa mindandanda iwiri yoyamba kusapose 0.025% pa kalasi 00, 0.05% pa 0.5, 0.10% pa 1 ndi 0.20% pa 2. Kusiyana kwa pakati pa malo atatu otembenuzidwa kumaloledwa kawiri kuposa apo. Koyambako kukakhala kochepa koma kwachiwiri kwakukulu, chida chili bwino, vuto lili pa kulunjikitsa kapena pa mapuleti. Zonse ziwiri zikakhala zazikulu, yang'anani nthawi yowerengera, kutentha ndi polumikizira waya. Kusiyana kwa pokwera ndi potsika kukakula kuposa kwa chaka chatha, kawirikawiri pali kukhulana m'zitsulo zolowetsera mphamvu. Ziro ikasuntha n'kukhala komweko, chidacho chinapitirizidwa malire ake kapena chinagwa, ndipo satifiketi yake yatha ntchito ngakhale tsiku lisanakwane.

Load cell yaikulu siyenda mzere wowongoka, makamaka yooneka ngati mzati, chifukwa ikapanikizidwa imanenepa pang'ono. Gwiritsani ntchito equation ya digiri yachiwiri kapena yachitatu yolembedwa pa satifiketi, ndipo onetsetsani kuti ndiyo ili mu indicator kapena mu kompyuta. Kuika ziro ndi nsonga yapamwamba yokha kumataya ubwino wonse wa calibration pakati pa muyeso. Equation imeneyo imagwira pakati pa mphamvu yaing'ono ndi yaikulu zimene zinayesedwa basi. Chida cha 5 MN choyesedwa kufika 3 MN ndi chida cha 3 MN. Kumunsi nakonso kuli malire: ISO 376 siilola kutsika pansi pa 2% ya mphamvu yonse, ndipo pa kalasi 1 mphamvu yaing'onoyo ikhale yosachepera ka 1,000 kasitepe kakang'ono ka indicator.

Powerengera chikayiko chonse, tsatirani EURAMET cg-4, malangizo a malabotale a miyeso a ku Ulaya: makina oyerekezera, kubwereza, kutembenuza, kasitepe ka indicator, kusuntha kwa nthawi, ziro, kutentha ndi equation, kenako kuchulukitsa ndi k = 2. Pogwiritsa ntchito chidacho kunja onjezerani ziwiri zomwe satifiketi siinena: kusiyana kwa kutentha kwa kumaloko ndi kwa mulabotale, ndi mmene chida chasunthira pakati pa masatifiketi am'mbuyomu. Satifiketi ya ISO 376 siipitirira miyezi 26. Pakati pa nthawiyo, makamaka chida chikabwera ku ulendo wautali wa pamsewu, chiyerekezeni ndi load cell ina yosungidwa yomwe siituluka m'nyumba.

Ambiri mwa ife mphamvu zotere timakumana nazo pa makina ophwanyira ma cube a konkire a 2,000 kN kapena 3,000 kN ndi pa majeke oyesera maziko a milatho. Makina otere amayesedwa ndi ISO 7500-1: mphamvu zosachepera zisanu pakati pa 20% ndi 100%, mindandanda itatu, ndipo makina a kalasi 1 asaphonye kuposa 1%, load cell yoyesera ikhale ya kalasi 1 kapena yoposa. Makina a konkire akhoza kupambana mayesowa koma n'kumaphwanyabe ma cube mopendekeka ngati chikho cha puleti yapamwamba sichikukhazikika bwino, choncho pemphaninso mayeso a EN 12390-4 oona mmene mphamvu ikudutsira, ochitika ndi silinda ya ma strain gauge mbali zinayi.

Mizati ndi mapuleti a makina onyamula meganewton zingapo zimakhala zitatambasuka ngati sipuling'i, ndipo chitsulo cholimbitsidwa chikasweka chimathetheka ndi kuuluka. Zitsulo zolowetsera mphamvu ziziyesedwa ming'alu ndi dye penetrant (utoto wolowa m'ming'alu) kapena magnetic particle (ufa wachitsulo ndi maginito) chaka chilichonse. Chotchinga chitsekedwe mphamvu isanayambe kukwera, malire a makina aikidwe pansi pa malire a chida chofooka kwambiri pa mulu wonsewo, ndipo aliyense wofuna kuyang'ana dial gauge adikire mphamvu itsike kaye kapena aonere pa kamera.